Mikango inagwera pakhomo pathu

Timu imene ndikuilira pano si ya kwathu kuno ku Mangochi. Ndi ya ku Zomba, ya asilikali a ku Cobbe Barracks, dzina lake Red Lions. Ana a masiku ano akamva nkhalamba ya kunyanja ikudandaula za timu ya asilikali amadabwa, ena amafunsa ngati ndinavalako yunifolomu. Sindinavaleko. Ntchito yanga inali ya choko. Ndaphunzitsa kutsidya kwa Malindi, kumtunda kwa Namwera, mpaka ndinadzapumira kufupi ndi boma. Koma timu imeneyi ndaikonda kuyambira paunyamata, ndipo pamene inatuluka mu ligi yaikulu mu 2018, kenako mu 2023, mtima unandiwawa mwa mtundu umene ndinalephera kuwafotokozera ngakhale a m'nyumba mwanga. Lero ndati ndilembe. Ife amene tinaona mpira wakale tikutha mmodzimmodzi, ndipo tikapita osanena kanthu adzukulu adzayesa kuti zinthu zinali chonchi kuyambira kalekale.

Mpira wa matimu akuluakulu unafika kwathu kudzera m'makutu, maso asanauone. M'mudzi mwathu wayilesi inali kwa telala wina wosokera pakhonde la sitolo. Inali ya Nzeru, yofunditsidwa kansalu kuti fumbi lisalowe. Mabatire ankawayanika padenga kuyambira m'mawa kuti akafike nawo kumapeto kwa masewero. Loweruka dzuwa likapendeka amuna ankasiya kusoka maukonde, a bawo ankavundikira bawo lawo, tonse n'kuunjikana pansi pa mtengo wa mango. Siteshoni inali imodzi yokha, MBC, choncho wa ku Makanjira, wa ku Chembe ndi wa kwa Chimwala onse ankamva mawu amodzi pa nthawi imodzi. Woulutsa akakweza mawu tinkangozindikira taimirira. Pa nthawi ya penate pankakhala zii, ngakhale mwana wa kumsana amayi ake ankamugwira pakamwa.

Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa itagonjetsa Zambia 3-2 m'ndime yomaliza, mpikisano ukuchitikira m'dziko lathu lomwe lino. Usiku umenewo ng'oma zinalira mpaka mbandakucha, mabwato ambiri anagona kumtunda. Chaka chotsatira anyamata anakachiteteza chikhocho ku Kenya. Mayina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Barnet Gondwe ndi Boniface Maganga tinkawatchula ngati abale athu, mphunzitsi wawo Ted Powell naye chimodzimodzi, pamene nkhope zawo sitinkazidziwa. Munthu akabwera ndi nyuzipepala kuchokera ku Blantyre, chithunzi chinkayenda m'manja mpaka kuthetheka, chotsalacho n'kumatidwa pakhoma ndi phala la chinangwa. Mwana aliyense womwetsa chigoli pamchenga ankadzitcha Kinnah.

Mpira weniweni, wa maso, anandionetsa ndi achimwene anga, malemu tsopano. Iwo analembedwa usilikali n'kukakhala ku Cobbe Barracks, ndipo sukulu zikatsekera ndinkakwera basi ya UTM kudutsa Ulongwe ndi Liwonde kukawachezera. Tsiku la masewero sankadya nkhomaliro bwinobwino. Ankasita malaya kawiri, kupukuta nsapato, n'kunditenga wapansi kutsikira ku bwalo la Community. Kumeneko ndinaona chimene wayilesi sinkatha kundiuza. Malole a asilikali ankafika akuyimba, amayi a kulaini atamanga zitenje m'chiuno, ana a asilikali atakwera m'mitengo yozungulira bwalo, phiri la Zomba lili chilili kumbuyo kwathu. Anthu a mumsika, a ku Chinamwali, a ku Matawale, ophunzira a ku Chancellor College, onse anali thithithi m'mbali mwa chingwe. Achimwene ankagula nzimbe ziwiri, koma yawo inkathera m'manja osaidya, akungoipotokola mpira ukayandikira golo lathu. Mikango ikamwetsa ankandimenya paphewa osadziwa kuti akumenya munthu. Msilikali amene kunyumba sankaseka wamba ndinamuona akudumpha, akukumbatirana ndi wogulitsa mtedza amene sankamudziwa n'komwe.

Mpira wa Red Lions sunali wokongoletsa. Amene ankafuna zibwana za kuvinitsa mnzako ankapita kukaonera Wanderers. Asilikali ankadalira mphamvu, mpweya ndi kusatopa. Chigawo choyamba mukhoza kuwazunguza, koma mphindi 20 zomaliza, inu lilime lili panja, iwo ankakhala ngati angoyamba kumene. Wotchinga kumbuyo akakugunda unkadziwa kuti wakumana ndi munthu wodzuka usiku kukathamanga. Matimu a ku Blantyre ankabwera ku Zomba mtima uli m'mwamba, ndipo akapeza pointi imodzi ankabwerera akuthokoza. Ine ndinakonda mpira umenewo chifukwa unkafanana ndi anthu amene ndinakula nawo, anthu opalasa bwato mwera ukuwomba, osadziwa kubwerera m'mbuyo.

Ligi ya dziko lonse, Super League, inayamba mu 1986 ndi matimu 8 okha. Asanu anachokera ku ligi ya Blantyre ndi maboma ozungulira: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, MDC United, ADMARC Tigers ndi Red Lions. Atatu anachokera ku Lilongwe: Silver Strikers, Civo United ndi MITCO. Achinyamata mumve bwino pamenepa. Red Lions si timu yobwera dzulo, inalipo pokumba maziko a ligi imene mukuonera lero. Ndipo masiku amenewo ukatswiri unkayendera. Bullets inatenga mu 1986, Civo mu 1987, MDC United mu 1988, Tigers mu 1989, Wanderers mu 1990. Chaka chikamayamba palibe ankadziwa kuti chikho chikagona kwa yani. Pafupifupi timu iliyonse inali ndi kholo loidyetsa: kampani ya nsapato, ya fodya, ADMARC, banki yaikulu, boma, asilikali. Osewera ambiri m'mawa ankakhala pantchito, masana n'kupita kokonzekera masewero. Miyendo ikatha ntchito inkatsala, ana ankapitabe kusukulu. Munthu ankasewera mtima uli m'malo.

Musaganize kuti ife kunyanja tinali ongomvera za anzathu. Mpira wathu unalipo, ndipo unali wokoma. Ana ankayambira pa chikulunga, pamchenga wotentha, golo lake nsungwi ziwiri zoyanikira ukonde. Mchenga umalimbitsa akatumba, ndiye mwana wa kunyanja akapita pa bwalo la udzu ankauluka. Pa sukulu iliyonse imene ndinaphunzitsa, Lachitatu masana linali la masewero, ndipo mphunzitsi wamkulu ankaima pomwepo mpaka wezulo yomaliza. Midzi inkaitanirana ndi kalata yolemba pamanja. Timu ikamapita kutsidya, mwini khoka ankapereka bwato ndi opalasa ake ulere, mudzi wonse n'kuperekeza mpaka kudooko. Mphoto inali mbuzi, nthawi zina mpira watsopano wachikopa wosoka ndi ulusi. Amayi ankaimba m'mbali mwa bwalo, a beni ankabwera ndi ng'oma zawo, akuluakulu ena ankazungulira golo m'mamawa ndi zawo zimene sitinkafunsa. Ndewu zinkachitika, sindikana, woyimbira ankathawitsidwa nthawi zina. Koma panali lamulo limene silinalembedwe paliponse: alendo, apambane kaya agonje, sankabwerera ndi njala. Nsima inkaphikidwa m'mapoto akuluakulu, chambo chowotcha chili mbwee pa lichero, ndipo ogonja ndiwo ankayamba kusamba m'manja. Chambo nthawi imeneyo sichinali ndiwo ya alendo a ku hotela. Chinali ndiwo ya aliyense.

Zimenezo zinatha pang'onopang'ono, ndipo sitinadziwe tsiku limene zinathera. Makampani a boma anayamba kugulitsidwa ndi kutsekedwa m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, matimu awo n'kutsala amasiye. MDC United, akatswiri a 1988, kulibe. MITCO kulibe. Hardware Stars achinyamata saidziwa n'komwe. ESCOM United inatenga ligi kawiri, lero dzina lokha. Kwathu kuno nako nyanja inayamba kuuma manja. Chambo cha ku Malombe chinasowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, asodzi n'kutembenukira ku kambuzi ndi maukonde a maso ang'onoang'ono. Eni makoka amene ankagulira anyamata majezi anayamba kuwerengera ya mafuta a injini. Anyamata amene akanakhala otchinga kumbuyo ndi omwetsa zigoli anakwera mabasi a ku Joni.

Ndiye mungamvetse chimwemwe changa mu 2018. Bwalo la Community ku Zomba linali litatsekedwa kuti amangepo sitediyamu, ntchito imene inadzatenga zaka zambiri. Red Lions inasowa pokhala, ndipo masewero ake ena apakhomo inabwera nawo pa Mangochi Stadium. Timu imene ndinkaikwerera basi tsiku lathunthu inabwera yokha kudzandipeza mu ukalamba, ulendo wa kabaza kuchokera kunyumba kwanga. Achimwene anali atagona kale kumanda, sanaone zimenezo. Tsiku loyamba ndinavala malaya ofiira, ndinafika chipata chisanatsegulidwe, ndipo anyamata atatuluka kudzatenthetsa thupi misozi inalengeza m'maso. Nkhope zinali zachilendo, ena a iwo msinkhu wa adzukulu anga, koma kathamangidwe kanali komwe kaja. Timu imeneyi yatulutsa anyamata odziwika m'zaka zimenezi, Chikoti Chirwa amene anavalapo jezi ya Flames, Loti Chawinga, Royal Bokosi ndi ena, ndipo ndinkadziuza kuti ndi anthu otere palibe choopa.

Tauni inasintha. Tsiku la masewero akabaza ankapanga ndalama ya sabata yonse, amayi a mandasi, a chinangwa chokazinga ndi a madzi ozizira ankatha katundu dzuwa likadalipo, malo ogona alendo ankadzaza. Anthu ankachokera ku Monkey Bay, ku Makawa, ku Namwera, ena kuwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi wapansi. Koma ine ndinaona chinthu chimene chinandilasa. Timu yaikulu ikabwera, khamu lonselo linkachemerera alendo. Mikango inali pakhomo pa pepala pokha. Mnyamata wa Red Lions akalakwitsa, bwalo lonse linkamukuwiza ngati wabwera kudzaba. Timu yaing'ono ikabwera, mipando inkakhala yopanda anthu, ife ochepa tikumvana mawu kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Anthu akwathu sindiwaimba mlandu waukulu. Wayilesi ija inatilera tonse pa Bullets ndi Wanderers, ndipo chikondi cha timu sachisintha ngati malaya. Komabe timu yosewera pakhomo popanda oichemerera ili ndi masewero 30 a koyenda.

Amene sanasapotepo timu ya kumunsi kwa ligi sadziwa moyo umenewu. Matimu ndi 16, iliyonse imasewera masewero 30, kupambana ndi mapointi 3, kulepherana ndi pointi imodzi, ndipo matimu 3 otsiriza nkhwangwa imawadula. Wa timu ya pamwamba amawerenga zigoli. Ife tinkawerenga zotsala. Ndinali ndi kope la ana asukulu m'mene ndinkalemba masewero otsala a timu yathu ndi a matimu oyandikana nafe, ndipo usiku ndinkakhala ndi tochi kuwonkhetsa: tikapambana awa, awo akagonja koyenda, uyu akalepherana ndi uyu, tipulumuka. Loweruka likafika masamu onse ankafafanizika, ndiyambenso. Unkapezeka ukupempherera timu imene unkadana nayo kuyambira ubwana kuti ikuswere mnzako wa kumunsi. Bwalo lonse maso pa mpira, iwe khutu lili pa foni kumvera za ku mabwalo ena, ku Chitowe kapena ku Nchalo. Chigoli cha mphindi zomaliza chinkakudwalitsa sabata yathunthu. Mayi a kunyumba ankangoona nsima yabwerera, osafunsa kanthu, ankadziwiratu.

Tsiku lina lotentha, nyengo ija dzuwa la ku Mangochi limaswa mtengo, tinagonja masewero amene sitinayenere kugonja. Anthu atatuluka ine ndinatsalira, miyendo inakana kunyamuka. Mnyamata mmodzi wotchinga kumbuyo anakhala pansi pafupi ndi mzere, pamaso panga penipeni. Anamasula nsapato imodzi n'kuiwala inzake. Sokosi inali itang'ambika pachidendene, bondo litasupuka, thukuta likudontha kuchibwano kugwera pa udzu wouma. Mnzake anamupatsa botolo la madzi, iye analandira n'kungoligwira osamwa. Ana awiri ogulitsa mtedza anaima chapatali kumuyang'ana. Ndinatsika pang'onopang'ono n'kumuuza kuti, "Mwanawe, dzuka, ligi sinathe." Anandiyang'ana, anavula kansalu ka kumutu, n'kuyankha kuti, "Zikomo bambo, tikuyesetsa." Anadzuka n'kuyenda chotsimphina kupita ku lole yawo. Kutsogolo kwake kunali ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kubwerera ku Zomba, pa msewu wa Liwonde umene nthawi imeneyo unali mkati mokonzedwa, fumbi lokhalokha. Amene amanena kuti timu yotuluka mu ligi ndi ya anthu aulesi akanamuona mwana ameneyo.

Mu Novembala chaka chomwecho, madzi atafika kale m'khosi ku timu yathu, kunabwera uthenga woti asilikali 6 a dziko lino aphedwa kufupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo, pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo chaka chotsatira anapatsidwa mendulo ya ulemu. Ndinatseka kope langa la masamu kwa masiku angapo. Anyamata amene tinkawakalipira chifukwa chophonya chigoli ndi a ntchito yomweyo, amavala yunifolomu yomweyo, ndipo mawa akhoza kutumizidwa komweko. Ochemerera timu za asilikali tizikumbukira zimenezi tisanatukwane.

Ligi inatha kumapeto kwa chaka, Nyasa Big Bullets ndiyo akatswiri. Red Lions inatuluka pamodzi ndi MAFCO, asilikali anzawo a ku Salima, ndi Nchalo United. Zaka ziwiri zokha m'mbuyo mwake, mu 2016, Kamuzu Barracks inali itakhala timu yoyamba ya asilikali kutenga ligi, ndiye kugwa kwa matimu awiri a asilikali nthawi imodzi kunadzidzimutsa anthu. Zifukwa ena amati ndi aphunzitsi, ena amati oyimbira. Ine ndikuona kwina. Choyamba ndi kusowa pakhomo. Mphamvu ya Red Lions inali bwalo lija la ku Zomba, ndi amayi aja a kulaini, ndi malole aja oyimba. Mutachotsa zimenezo mwachotsa theka la timu. China n'chakuti timu ya asilikali siingangolowa pamsika kugula wosewera aliyense amene yamufuna. Imadalira kwambiri anyamata olembedwa usilikali, ndipo iwowo nthawi iliyonse akhoza kuitanidwa ku maphunziro kapena ku ntchito ina. Pamene matimu a m'tauni anapeza makampani a ndalama, kuyamba kulipira bwino ndi kutola ana aluso m'dziko lonse, mphamvu ndi mpweya zokha zinaleka kukwanira. Masiku ano aliyense amathamanga mphindi 90.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mikango itatuluka, masewero a ligi yaikulu anachepa pa bwalo lathu, akabaza anabwerera kodikira pasiteji, amayi a mandasi anabwerera kumsika. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti tauni sinazindikire kuti kwagwa kanthu. Lolemba lotsatira ndinapita kukameta, m'chipinda chometeramo anyamata akukangana za Manchester United ndi Liverpool mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Ndinati, "Ana inu, mwamva kuti Red Lions yatuluka?" Mmodzi anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Pepani agogo," n'kubwerera ku nkhani yake. Timu imene inayambitsa nawo ligi ya dziko lino inagwera pakhomo pawo, iwo osatembenuka.

Mu 2019 Red Lions inapambana ligi ya chigawo cha kummwera n'kubwerera pamwamba. Mliri wa Covid-19 unachedwetsa ligi yotsatira mpaka kumapeto kwa 2020, ndipo masewero apakhomo anapita kwina, ife tinabwerera ku wayilesi. Ndinaganiza kuti phunziro lamveka. Koma mu 2023, chaka cha namondwe Freddy, chaka chimene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, Mikango inagwanso, ulendo uno pamodzi ndi Blue Eagles ya apolisi ndi Extreme FC. Kugwa kwachiwiri kumawawa mosiyana. Koyamba umati ndi ngozi. Kachiwiri umayamba kuopa kuti mwina malo ako enieni ndi amenewo. Kope lija ndinalitsegulanso, koma pofika pakati pa chigawo chachiwiri cha ligi dzanja linkalemba mtima utadziwa kale.

Kunsi kumene timu imagwerako ndi kowawa. Mabwalo ndi a fumbi, ena opanda mpanda, ndiye ya pachipata palibe. Wayilesi sizibwera, mphunzitsi wa Flames sakuonani, wosewera waluso amatengedwa ndi matimu a pamwamba. Timu ya asilikali kapena ya apolisi imapirira chifukwa anyamata ake malipiro amalandirabe kumapeto kwa mwezi, galimoto ilipo, chakudya chilipo. Taonani Blue Eagles: ili kunsi komweko mu 2024 inatenga chikho cha FDH Bank itagonjetsa Bullets pa mapenate, kenako n'kubwerera mu ligi yaikulu. Koma timu ya anthu wamba, yodalira thumba la munthu mmodzi, ikagwa nthawi zambiri sidzukanso. Mwini wake akatopa, majezi amagawana, mpira womaliza amatenga goloboyi. N'chifukwa chake Red Lions sindiiopera imfa. Chimene ndikulira ine ndi china.

Ndikulira kuti ana athu sakudziwanso kukonda timu imene angaikhudze ndi dzanja. Mdzukulu wanga amatchula osewera onse a Arsenal mpaka okhala pabenchi, koma sadziwa dzina la mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe amene amamwetsa zigoli pa bwalo la sukulu Lamlungu lililonse. Loweruka masana mabwalo athu ali mbee, anyamata adzazana m'mavidiyo sho, ena maso pa foni, kapepala ka kubetcha kali m'manja. Wobetcha sakonda timu, amakonda kapepala kake. Timu ikamudyetsa lero aitamanda, ikamugwetsa mawa aitukwana. Ndaona ana akugulitsa usipa wa makolo awo kuti akabetche masewero a m'dziko limene sadzapondako. Mpira wa ku England ndi wokoma, nanenso ndimaonera. Koma aphunzireko chinthu chimodzi kwa eni ake. Leicester City inatenga ligi mu 2016, inatuluka mu 2023 chaka chimodzi ndi Red Lions, ndipo anthu a mumzinda umenewo anapitirizabe kudzaza bwalo lawo mpaka inabwerera chaka chotsatira. Chimene timasirira pa kanema chinamangidwa ndi anthu okakamira timu ya kwawo ili pansi.

Luso kunyanja kuno silinathe. Mu 2022 Malawi inapita koyamba ku mpikisano wa Africa wa mpira wa pamchenga ku Vilankulo m'dziko la Mozambique, ndipo mpira umenewo kwawo ndi m'mbali mwa nyanja muno. Pitani ku Makawa kapena ku Malembo dzuwa likamalowa mukaone ana akusewera opanda nsapato, mudzagwira pakamwa. Koma mwana ameneyo akafika zaka 17 alowera kuti? Chimene timamupatsa ndi bonanza. Chisankho chikayandikira zikho zimamera paliponse, majezi olembedwa dzina la munthu kumsana, ndalama zowerengedwa pamaso pa anthu. Mavoti akawerengedwa zonse zii, mpaka zaka zisanu. Bonanza simanga timu. Timu imamangidwa ndi ligi ya sabata ndi sabata, mphunzitsi wophunzira ntchito yake, komiti yosunga mabuku a ndalama poyera, ndi anthu olipira pachipata osati olowera pa mpanda.

Anzathu a kumpoto kwa nyanja yomweyi anakwanitsa. Karonga ili ndi Karonga United, ndipo timu ikapita kumeneko imadziwa kuti yafika kwa eni. Chitipa, kutali konse kuja, inakweza Chitipa United, inagwa, n'kuikwezanso. Dedza ili ndi Dedza Dynamos. Mangochi, boma la anthu oposa 1 miliyoni pa kalembera wa 2018, boma la mahotela a m'mbali mwa nyanja, la Maldeco, la doko la Monkey Bay, la ana ambirimbiri amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, linachita kubwereka timu ya eni kuti lione ligi yaikulu pa bwalo lake. Pamenepa ndi pamene pamandichititsa manyazi, ndipo ndikufuna manyazi amenewa tigawane.

Mafumu athu, a Mponda, a Chimwala, a Nankumba, a Makanjira, a Jalasi ndi ena nonse, itanani anthu anu a malonda mukhale pansi. Mashehe ndi abusa, ana amene akutha ndi kubetcha ndi a m'mizikiti ndi m'matchalitchi mwanu. Inu a ku Joni, mumasonkherana ndalama zobweretsa maliro kumudzi, ndipo mumachita bwino. Sonkheraninso ya amoyo, ya mipira ndi nsapato. A khonsolo, bwalo lija lisamalidwe, udzu uthiriridwe, madzi a Shire ali pafupi. Sankhani timu imodzi mwa amene alipo kale m'boma lino, muikweze ndi manja ambiri kuti munthu mmodzi akatopa isafe. Ikadzakwera idzagwa nthawi ina, pakuti matimu 3 amagwa chaka chilichonse, ndipo tsiku limenelo mudzafunike pa bwalo kuposa tsiku lokwera.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Loweruka likubwerali pa bwalo lapafupi ndi kwanu pali anyamata akusewera. Tengani mwana wanu mupite naye, mulipire pachipata, mufunse mayina a osewerawo. Akagonja, mudzapitenso sabata yotsatira.